Mulenga ndi Juan Tamad

Pa 17 June 1921 anthu awiri anali kukumba miyala ya mtobvu mu mgodi wa Broken Hill, ndipo m'phanga lina anapeza cibade ca munthu wakale-kale. Mmodzi wa iwo anali Mzungu wocokera ku Switzerland, dzina lace Tom Zwiglaar. Mnzace anali munthu wakuda, koma amene analemba za tsikulo sanaone cifukwa colembera dzina lace. Cibade cija cinatumizidwa ku London, kumene cikali kusungidwa, ndipo dzina la Zwiglaar lipezeka m'mabuku ambiri a anthu ophunzira. Mnzace uja angomuchula kuti “wanchito.”

Mgodiwo unatsekedwa m'caka ca 1994. Tauni inasiya kale dzina la Broken Hill nichedwa Kabwe, ndipo ana a ku Katondo, ku Makululu ndi ku Bwacha akula ali kuona milu yakuda ya zotsala za mgodi monga ngati mapiri acilengedwe. Ana omwewo lero aonera zithunzi zoyenda pa telefoni ya m'manja, atatu kapena anai atagundanitsa mitu. Nkhani ino iri ya zithunzi zoyendazo, zimene agogo ao ankazichula baisikopo, ndi ya anthu oyamba a dziko lino amene nkhope zao zinaoneka pa cinsalu coyera. Zimene zinawacitikira sizisiyana kweni-kweni ndi zimene zinacitikira munthu wa m'phanga uja.

Popanga cithunzi coyenda pali nchito ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi ya wosewera, amene aima patsogolo pa kamera, naseka, nalira, nathamanga monga amuuzira. Yaciwiri ndi ya wotsogolera, amene asankha nthano, nauza wosewera poti aime ndi coti acite, ndipo pomaliza adula ndi lumo zonse zimene sazifuna. Wosewera ndiye aoneka, koma mau ali ndi wotsogolera. Wowerenga asunge bwino kusiyana kumeneku, pakuti nkhani yonse yagona pamenepo.

Miyala ya mtobvu ndi zinki ya pa Broken Hill inadziwika kwa Azungu m'caka ca 1902, pamene T. G. Davey anafika pa malowo nawapatsa dzina la mgodi wina wa ku Australia. Njanji inafika mu 1906. Kuyambira pamenepo dziko la Alenje linayamba kulandira alendo: Abemba, Alala, Abisa, Ansenga, Angoni ndi Acewa a ku Fort Jameson, ndi ena ocokera ku Nyasaland, onse kudzafuna ndarama ya msonkho ndi ya nsaru. Boma ndi eni migodi anali ndi ganizo limodzi pa za anthu amenewa, lakuti iwo ndi anthu a ku mudzi amene angobwereka tauni kanthawi pang'ono. Akatha miyezi yao adzamanga katundu nabwerera kwao. Koma m'zaka za 1939 ndi 1940 kunafika Mzungu wina wofufuza za makhalidwe a anthu, Godfrey Wilson, mtsogoleri woyamba wa Rhodes-Livingstone Institute. Iyeyu anakhala pansi ndi anchito a mu mgodi ndi a pa njanji, nawafunsa mbiri ya moyo wao mmodzi-mmodzi. Anapeza kuti m'tauniyo munali anthu akuda ngati 15,000, ndi kuti pa amuna khumi ali onse, asanu ndi awiri anali atatha nthawi yaikulu ya ucikulire wao m'matauni, osati ku mudzi ai. Ambiri anali ndi akazi ndi ana pomwepo. Ena anali kulima m'minda ya maekala asanu-asanu imene kampani inagawira anchito ace. Anali ndi mabungwe a dansi, ndipo gawo lalikulu la malipiro ao linkathera pa zobvala zabwino. Kunena mwacidule, anali anthu a m'tauni. Eni mgodi sanakondwere ndi Mzungu wokhala pa mpando umodzi ndi anchito, ndipo anamletsa kulowa m'komboni.

Anthu a m'tauniwa anaidziwa baisikopo msanga. Ku migodi ya mkuwa zithunzi zinayamba kuonetsedwa ca m'ma 1928, ndipo posacedwa mwambowo unafala m'makomboni ndi m'matauni a m'mbali mwa njanji. Cinsalu cinkamangidwa pa bwalo, anthu nakhala pansi dzuwa litalowa, akuru pambuyo, ana patsogolo pa pfumbi. Zithunzi zimene anazikondetsa zinali za makauboyi a ku America. Hortense Powdermaker, mai wa ku America amene anakhala ku Luanshya m'zaka za 1953 ndi 1954, anaona kuti oonera anali kumucha kauboyi ali yense wolimba mtima dzina limodzi lokha, Jack, ndi kuti sanali kuonera cete: anali kupfuula, kuimirira, kumcenjeza Jack kuti mdani ali pambuyo, ndi kuponya nkhonya m'mwamba pamodzi naye. M'mawa mwace anyamata ankasema mfuti za mitengo nayenda motakataka miyendo monga okwera pa kavalo.

Boma linaopa. Linaika bungwe loyesa zithunzi zisanafike kwa anthu akuda, ndipo bungwelo linkadula mbali zoonetsa akazi obvala mosakwanira, zoonetsa macenjera a mbala, ndiponso zoonetsa Mzungu atagwidwa ndi kumangidwa ndi eni dziko, ngakhale eni dzikowo akhale Amwenye ofiira a ku America. Pofika pa bwalo la komboni cithunzi cinali cidutswa-cidutswa, mau ace ali m'Cingerezi cothamanga cimene ambiri sanacimve. Tsono oonera anali kudzipangira okha nthano, kulumikiza zidutswazo ndi nzeru zao, ndi kumasulirana. Azungu ena poona ici anati anthu akuda samvetsa baisikopo. Sanafunse kuti ndani akanaimvetsa nthano yodulidwa pakati kasanu.

Ena mwa Azungu anaganiza kuti kuletsa kokha sikukwanira, koma anthu apangiridwe zithunzi zao-zao zowaphunzitsa. Ganizo limeneli linabadwira ku migodi ya mkuwa komweko. J. Merle Davis, wa bungwe la amishoni a maiko ambiri, anayendera migodiyo mu 1932, ndipo pambuyo pace anapeza ndarama kwa bungwe la Carnegie la ku New York kuti ayese nchitoyo. Inachedwa Bantu Educational Kinema Experiment, ndipo inayenda kuyambira 1935 kufikira 1937. Oiyendetsa anali Major Leslie Notcutt, amene kale anali ndi minda ya khonje, ndi Geoffrey Latham, amene kale anali mkuru wa maphunziro a anthu akuda mu Northern Rhodesia. Anamanga msasa pa Vugiri, m'mapiri a ku Tanganyika, napanga zithunzi 35. Mau sanali m'cithunzi momwemo ai, koma pa mbale za galamafoni, ndipo zina mwa mbalezo zinali m'Cinyanja, Cibemba ndi Citumbuka. Latham ananyamula makina pa lole nazungulira nazo Tanganyika, Northern Rhodesia, Nyasaland, Kenya ndi Uganda. Uku ndiko kunali kuyamba kwa cithunzi coyenda kulankhula Cinyanja.

Cimodzi mwa zithunzizo cinali ca anchito awiri olandira malipiro tsiku limodzi. Wina anakwirira ndarama zace pansi m'nyumba, mbala nizifukula usiku. Mnzace anakaika zace ku Positi Ofesi, nazipeza ziri bwino. Nthano yotere ya Wanzeru ndi Wopusa inakhala ngati cikombole coumbira njerwa, ndipo zithunzi zambiri za Boma za zaka makumi awiri zotsatira zinaumbidwa m'cikombole comweco. Mwa zithunzi 35 zija zitatu zokha ndizo zapulumuka, ndipo ziri ku London.

Nkhondo yaciwiri itatha, m'caka ca 1948, maboma a Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland anakhazikitsa bungwe la Central African Film Unit, likulu lace ku Salisbury, ndarama zina zocokera ku Britain. Mkuru wace anali Alan Izod, ndipo ojambula oyamba anali Stephen Peet ndi Louis Nell. M'zaka zisanu zoyamba anapanga zithunzi zoposa 70, zambiri za mitundu-mitundu yowala, koma zopanda mau. Kacitidwe kace kanali kotere: wojambula ankafika pa boma kapena pa mudzi ndi nthano yolembedwa kale, nasankha anthu a pomwepo oti asewere, nawauza zocita kupyolera mwa womasulira. Peet anali ndi womthandiza wakuda, David Hlazo, amene anasenza nchito yaikulu yomasulirayo. Cithunzi cikatha cinkayenda pa galimoto ya Boma mudzi ndi mudzi, ndipo munthu wina ankaima pambali pa cinsalu nalongosola nthano m'cinenero ca anthu a kumeneko. Kunali malangizo akuti cithunzi ca anthu akuda ciziyenda pang'ono-pang'ono, kamera isadumphe-dumphe, pasakhale zinthu zambiri zosokoneza maso. Azungu a nchitoyi anali ndi nkhani imene ankakonda kusimbirana, ya anthu a ku West Africa amene ataonetsedwa cithunzi ca ukhondo anangokumbukira nkhuku imene inadutsa m'mphepete. Amenewo ndiwo anali maganizo ao pa anthu omwe aja amene madzulo ali onse anali kutsata Jack ndi kavalo wace pa liwiro lonse, osaphonya kanthu.

Sikuti zonse zinali zacabe. Cithunzi ca The Wives of Nendi cinaonetsa nchito ya mabungwe a akazi amene Mai Helen Mangwende, mkazi wa mfumu ya ku Southern Rhodesia, anayambitsa. Lusaka Calling cinadziwitsa anthu za wailesi yochipa ija yonga sefuliya imene inayamba kugulitsidwa mu 1949. Anthu ambiri anakondwa kuona nkhope zonga zao, nyumba zonga zao ndi mitengo ya kwao pa cinsalu, cinthu cimene Jack sanathe kuwapatsa. Akale anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, ndipo kalumoka kanalidi kakuthwa. Bvuto linali lakuti mlendoyo anameta nako yekha, osakapereka m'manja mwa mwini mutu.

Pakati pa zithunzi zoyamba za bungweli panali ca Mulenga Goes to Town, ndiko kunena kuti Mulenga apita ku tauni. Mulenga ndi mnyamata wa ku mudzi amene afika m'tauni osadziwa macitidwe ace, nagwa m'bvuto ili ndi ilo, oonera nafa naco ciseko. Phunziro lace linali losabisika: tauni si malo a Mulenga. Tsono wowerenga akumbukire zimene Wilson anapeza pa Broken Hill zaka khumi cithunzico cisanapangidwe. Anthu amene anali kuseka Mulenga m'makomboni anali odziwa kuyendetsa makina a pansi pa nthaka ndi kukonza mainjini a sitima. Ena a iwo anabadwira m'tauni momwemo. M'zaka zomwezo anchito a pa njanji a pa Broken Hill anali kumanga bungwe lao motsogozedwa ndi Dixon Konkola. Mulenga weni-weni anali atafika kale m'tauni, atakwatira, atagula njinga, ndipo anali kuphunzira kuwerenga malamulo a nchito. Munthu amene anasewera Mulenga ayenera kuti anali waluso, pakuti kuseketsa khamu popanda kutulutsa liu si nchito ya masewera. Koma oonera anamdziwa ndi dzina la m'nthano lokha, ndipo luso lace lonse linagwira nchito yonena mau a munthu wina.

Kuti cioneke bwino cimene cinasowa kuno, nkofunika kuyang'ana dziko lina lakutali limene nalonso linali pansi pa atsamunda, ndipo nalonso linali ndi citsiru cace ca pa cinsalu. Dzikolo ndi Philippines, zilumba zambiri za kum'mawa kwa Asia, zimene Spain analamulira zaka zoposa 300, America nazitenga mu 1898 kufikira 1946. Kumeneko zithunzi zoyenda zinafika mu 1897, ndipo poyamba zinali m'manja mwa alendo monga kuno. Koma mu 1917 José Nepomuceno, mwini dziko amene anali ndi nyumba yojambulira anthu mu mzinda wa Manila, anagula makina kwa Azungu nayamba kampani yace-yace. Pa 12 September 1919 anaonetsa Dalagang Bukid, ndiko kunena kuti namwali wa ku mudzi. Nthanoyo anaitenga ku sewero la nyimbo limene anthu a mu Manila anali kulikonda kale, ndipo popeza cithunzi cinalibe mau, mtsikana amene anasewera namwaliyo, Atang de la Rama, ankafika yekha kudzaimba nyimbo yace pamene cithunzi ciri kuyenda. Apo nkuti cibade ca pa Broken Hill cisanafukulidwe.

Pamene Dalagang Bukid cinali kuonetsedwa, m'tauni ya Daet, m'cigawo ca migodi ya golide ca Camarines Norte, munali kamnyamata ka zaka pafupi-fupi zinai, dzina lace Manuel Urbano, kobadwa mu October 1915. Ameneyu ndiye anadzachuka ndi dzina la Manuel Conde. Anayamba monga wosewera mu 1935, m'cithunzi ca Mahiwagang Biyolin, ndipo anaphunzira nchito ya kumbuyo kwa kamera pothandiza wotsogolera wina wamkuru, Carlos Vander Tolosa. Njira imeneyi, yocoka pa kusewera, kupita pa kuthandiza, kufikira pa kutsogolera, ndiyo inali yotsekeka kwa David Hlazo ndi anzace. Mu 1940 kampani ya LVN, imene mmodzi wa eni ace anali mai wolemera wa dziko lomwelo, Narcisa de León, inampatsa Conde cithunzi cace coyamba kutsogolera, Sawing Gantimpala. Anali ndi zaka pafupi-fupi 25.

Caka cotsatira nkhondo inafika. Asilikari a Japan analanda zilumbazo, ndipo mu February 1945 mzinda wa Manila unasanduka bwinja pa nkhondo youlanditsa. Zithunzi zambiri zakale zinapsa kapena kutayika. Za Nepomuceno zoyamba zija palibe cimene catsala. Conde anayambanso pa phulusa pomwepo, nakhazikitsa kampani yace mu 1947, ndipo m'caka comweco anatulutsa Si Juan Tamad.

Juan Tamad, ndiko kunena kuti Juan Waulesi, ndi munthu wa m'nthano za makolo a kumeneko, wodziwika kwa mwana ali yense monga Kalulu ndi Fisi adziwika kuno. Asimba kuti tsiku lina anaona gwafa wakupsa mu mtengo, ndipo m'malo mokwera anagona cagada pansi pace, kukamwa kuli yasa, kudikira kuti agwe yekha. Tsiku lina amace anamtuma kukagula nkhanu ku msika. Pobwera iye anazimasula pa njira nazilangiza bwino-bwino kokhotera kuti zikafike zokha ku nyumba. Conde anasewera Juan iye mwini, natsogoleranso yekha. Pa maonekedwe Juan ndi Mulenga ndi mapasa: onse awiri ndi anyamata a ku mudzi, osadziwa za dziko, oseketsa. Koma Conde anatenga citsiru cace nacilowetsa m'nyumba za akuru-akuru. Mu 1959 anapanga Juan Tamad Goes to Congress, m'mene Juan alowa m'nyumba ya malamulo, ndipo mu 1960 Juan Tamad Goes to Society, m'mene alowa pakati pa olemera. M'zithunzi zimenezi oonera ayamba ndi kuseka Juan, koma posacedwa azindikira kuti ali kuseka andale olonjeza zambiri pa nthawi ya masankho, ndi anthu onyada otsanzira za kunja. Upusi wa Juan unali nkhwangwa yobisika m'thumba. Upusi wa Mulenga unali ndodo yomkwapulira iye mwini ndi anthu a mtundu wace. Kusiyana konseku kunacokera pa cinthu cimodzi, cakuti amene anabvala nsanza za Juan ndi yemweyo amene anagwira lumo lodulira.

Cimene cinamchukitsa Conde kunja kwa dziko lace cinali cithunzi cina, Genghis Khan, ca mu 1950, cosimba za unyamata wa mfumu yankhondo ya Amongolo. Ndarama zinali zocepa. Anajambulira m'zitunda za kufupi ndi Manila, akavalo ace anali ang'ono-ang'ono a m'dzikomo, ndipo zobvala ndi zida anazilinganiza mnzace Carlos Francisco, mmisiri wojambula ndi utoto. Conde mwini anasewera mfumuyo. Mu 1952 cithunzico cinaonetsedwa pa cionetsero cacikuru ca ku Venice, m'dziko la Italy, pamodzi ndi zithunzi za akatswiri a maiko olemera; mmodzi wa iwo anali John Ford, mmisiri wamkuru wa zithunzi za makauboyi. Mlembi wa ku America, James Agee, anacikonda nalemba mau ofotokozera m'Cingerezi, ndipo kampani ya United Artists inacigula kuti icionetse m'maiko ena. M'caka comweco magalimoto a Boma anali kuzungulira m'midzi ya Northern Rhodesia ndi Nyasaland ndi nthano za Wanzeru ndi Wopusa.

Conde anamwalira mu August 1985. Zithunzi zace zambiri zinatayika, ndipo ulemu waukuru wa dziko lace, wa National Artist, unalengezedwa mu 2009, iye atagona m'manda zaka 24. Genghis Khan naco cinayesedwa cotayika, kufikira cinapezeka m'nkhokwe za ku Venice nicikonzedwanso mu 2012.

Munthu asafulumire kunena kuti anthu a ku Philippines anali ndi nzeru zoposa a kuno. Iwo anali ndi mabanja a eni dziko okhala ndi minda ndi cuma, otha kugula makina. Anali ndi mzinda waukuru wa anthu olipira pa khomo. Anali ndi masukulu apamwamba kuyambira kale. Kuno munthu wakuda analetsedwa nchito zaluso mu mgodi momwe, malipiro ace anali a msonkho ndi cakudya, ndipo sukulu ya sekondale ya Munali inayamba nkhondo yaciwiri iri pakhomo. Pa tsiku la ufulu mu 1964 dziko lonse la Zambia linali ndi anthu ongopitirira pang'ono 100 otsiriza maphunziro a yunivesite. Luso la sewero lokha ndilo silinasowe. Acewa anali ndi Simoni m'gule wamkuru, wa nkhope yofiira ngati Mzungu wopsa ndi dzuwa, amene anali kuseka atsamunda iwo ali pomwepo osazindikira. Ku migodi anyamata obvina kalela ankabvala ngati madokotala ndi manesi napeka nyimbo zonyodola moyo wa m'tauni, ndipo ku nyanja kunali malipenga otsanzira perete wa asilikari. Pamene mpata unatseguka pang'ono, monga pa wailesi ya ku Lusaka, anthu onga Alick Nkhata analankhula ndi kuimba ndi mau ao-ao, maina ao nadziwika m'maiko atatu. Pa kamera pokha mpatawo sunatseguke.

Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland citayamba mu 1953, bungwe la zithunzi lija linalowa m'manja mwa boma la citaganyaco, ndipo nchito yace yaikulu inasanduka kutamanda cinthu cimene anthu akuda a kumpoto anacikana ndi mtima wonse. Apa oonera analeka kuseka. M'madera ena anthu anakana kusonkhana, ndipo magalimoto a baisikopo anabwezedwa. Mu 1961 cipani ca UNIP cinacita msonkhano wace pa thanthwe la Mulungushi, kunja pang'ono kwa Broken Hill, ndipo pa kutha kwa 1963 citaganya cinagwa, bungwe la zithunzi niligwa naco. Stephen Peet anali atabwerera kwao. Mu 1969 anayambitsa pa BBC pologalamu ya Yesterday's Witness, m'mene anthu wamba okalamba ankakhala patsogolo pa kamera nasimba okha mbiri yao ndi pakamwa pao, maina ao atalembedwa poyera. Anthu amene anawajambula ku Africa zaka makumi awiri m'mbuyomo sanaupeze mwai umenewo.

Ufulu sunabweretse kamera tsiku lomwelo. Boma latsopano linalandira makina ndi magalimoto, Azambia nayamba kujambula, koma zambiri zinali nyuzi za Boma ndi maphunziro a ulimi ndi umoyo. Filimu inali yodula, yofuna kutsukidwa ndi makina odulanso. Aluso ambiri anathawira ku masewero a pa bwalo, monga a Chikwakwa a pa yunivesite ya ku Lusaka, amene ca m'ma 1970 anayenda m'midzi kusewera m'zinenero za anthu. Ku Malawi wailesi ya kanema ya Boma inayamba mu 1999. Cimene cinatsegula khomo ndi kuchipa kwa makina a vidiyo ndi kompyuta. Mu 2008 Shemu Joyah anatulutsa Seasons of a Life ku Malawi, nthano yace-yace, yotsogolera yekha.

Mu 2017 ku Cannes, m'dziko la France, kunaonetsedwa I Am Not a Witch, ca Rungano Nyoni, mai wobadwira ku Lusaka mu 1982 amene anakulira ku Wales. Iyenso, monga Conde, anayamba ndi kuphunzira kusewera asanasamukire kumbuyo kwa kamera. Nthano yace ndi ya Shula, kamtsikana ka ku mudzi konamiziridwa ufiti, kamene kamangidwa ndi nsaru yaitali yoyera kuti kasauluke. Anasewera Shula ndi Maggie Mulubwa, ndipo mau ambiri a m'cithunzico ali m'Cinyanja. Munthu woseketsa m'menemo si mwana wa ku mudziyo ai. Ndi Bambo Banda, wanchito wa Boma wonenepa ndi wokonda ulemu, amene ayenda naye Shula uku ndi uko kuti apezerepo ndarama. Cithunzico cinalandira mphoto ya BAFTA ku London mu 2018, ndipo mu 2024 Nyoni analandiranso mphoto ya wotsogolera ku Cannes cifukwa ca On Becoming a Guinea Fowl.

Zithunzi zambiri za Central African Film Unit zinatsala kumene kunali likulu lace, ndipo zisungidwa m'nyumba ya mbiri yakale ya dziko la Zimbabwe ku Harare. M'menemo muli nkhope za alimi, amai, amfumu ndi anyamata a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, ali kuyenda, kulima ndi kuseka, milomo iri kugwedezeka popanda mau. Mwana wa ku Katondo wofuna kuziona ayenera kukwera basi ya ku Lusaka, nakweranso ina yodzera pa mlatho wa Chirundu, ali ndi pasipoti m'thumba.